Gawo la Richard Pryor la 1975 lija musalidule, liwonereni lonse

Mu February 2025 pulogalamu ya nthabwala ya ku America ya Saturday Night Live inachita chikondwerero cha zaka 50, ndipo chili mkati katswiri wa mafilimu Tom Hanks anaima kutsogolo ndi nkhope ya mwini maliro nkuyamba kulengeza "omwalira", kutanthauza timasewero takale tomwe lero sangayerekeze kutipanganso chifukwa timanyoza mitundu ya anthu, azimayi ndi zina zotero. Anthu anaseka, koma mkangano omwe unali utazirala unayakanso: zakale zoterezi tizitani, tizikwirire, tidulemo mawu oipawo kapena tizisiye mmene zinalili? Ndipo mkanganowu ukangoyamba sipatenga nthawi wina amatulutsa kakanema ka mphindi ziwiri zitatu ka Richard Pryor, katswiri wa nthabwala wakuda, ndi Chevy Chase, mzungu wosewera mu pulogalamuyi, ka pa 13 December 1975. Ine kachidutswa kameneka ndinatopa nako, ndiye ndinasaka gawo lonse nkuliwonera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kawiri, bandulo nkuthera pomwepo. Maganizo anga ndi awa ndipo sindizungulira: gawo limeneli lisungidwe lathunthu, liwu loipa lonyoza anthu akuda lija lili momwemo, ndipo ofuna kuliweruza ayambe aliwonera lonse osati kachidutswa ka pa foni.

Kwa omwe simukuidziwa bwino pulogalamuyi, imawulutsidwa ndi kanema wa NBC Loweruka usiku 11:30 nthawi ya ku New York, kuno mu December imakhala 6:30 mmawa wa Lamlungu anthu tikusita zovala za kutchalitchi. Imachitika pompopompo anthu akuonera mu Studio 8H, sabata iliyonse pamabwera mlendo otchuka kudzatsogolera komanso oimba. Inayamba pa 11 October 1975 ndipo nthawi imeneyo dzina lake linali NBC's Saturday Night chifukwa dzina lomwe tikulidziwa lero linali ndi pulogalamu ina ya pa ABC. Gawo la Pryor linali lachisanu ndi chiwiri chabe, pulogalamu idakali khanda la miyezi iwiri, ndipo iye anali munthu wakuda oyamba kutsogolera. Mabwana a NBC ankamuopa Pryor ngati moto kamba ka pakamwa pake, mpaka Lorne Michaels, mkulu wa pulogalamuyi, anachita kuopseza kuti asiya ntchito ngati samulola. Anamulola, koma analamula kuti zithunzi zizichedwetsedwa ndi masekondi angapo kuti akatukwana athe kudula. Nayenso Pryor sanabwere chimanjamanja ngati opempha, anabwera ndi zofuna zake: mlembi wake Paul Mooney, oimba Gil Scott-Heron, katswiri wa zisudzo Thalmus Rasulala, onsewa anthu akuda, kulowa mmalo momwe pa gulu lonse la osewera wakuda analipo mmodzi yekha, Garrett Morris.

Tsono kasewero komwe kamautsa mapiri pachigwaka ndi kosavuta kufotokoza. Pryor wabwera pa intaviyu kudzafuna ntchito yokolopa mu ofesi, Chase ndi bwana ofunsa mafunso. Bwana akuti zonse zayenda bwino kwangotsala kamayeso kamodzi, ine nditchula liwu iwe unene liwu loyamba lomwe likubwerere mmutu. Akuyamba bwinobwino, galu mtengo, mvula chipale, zoterozo. Kenako bwana uja, nkhope ili pa pepala ngati palibe chikuchitika, akuyamba kutchula mayina onyoza anthu akuda, loyamba lopepukirapo, lotsatira lolemera kuposa linzake. Pryor poyamba akudabwa, akufunsa kuti mwati chani, kenako akuyamba kubweza ndi mayina onyoza azungu, mawu akukwera, onse awiri asiya kunamizira ulemu. Pamapeto Chase akuponya liwu lija loyamba ndi N, ndipo Pryor akuyankha mawu awiri okha, "dead honky", kunena kuti mzungu wakufa. Apa ndi pomwe ndimabwezera kanema mobwerezabwereza, chifukwa nkhope ya Pryor ikunjenjemera, tsaya likuphethira lokha, maso ali gaa osaphethira, ndipo bwana uja mphamvu zonse zamuthera, akumupatsa ntchito ya madola 5,000 pa chaka, akukweza kufika 7,500, kenako 15,000, akuti ukhala okolopa olandira ndalama zambiri mu America yonse bola usandipweteke.

Omwe akufuna kuti kaseweroka kadulidwe ali ndi mfundo, ndipo siyopepuka. Iwo akuti liwu limenelija si chipongwe wamba, ndi liwu lomwe anthu ankalimva akugulitsidwa pa msika ngati ziweto, ankalimva akupachikidwa mmitengo kummwera kwa America, ndiye mzungu kulitchula pa kanema wa dziko lonse kuti anthu aseke ndi kulipatsa moyo wina, kaya cholinga chinali chabwino. Ndipo ali ndi mboni yamphamvu kwambiri, Pryor mwini wake. Munthu ameneyu liwuli ankaligwiritsa ntchito ngati mchere, chimbale chake cha 1974 chomwe chinapata mphoto ya Grammy chinali nalo pa mutu penipeni, koma atapita ku Kenya mu 1979 anabwerako atasintha, ndipo anadzafotokoza yekha pa siteji kuti ali kumeneko anayang'ana anthu akuda akuyendetsa dziko lawo nkuzindikira kuti masabata onse aja liwu lija sanalitchule ngakhale kuliganiza, ndiye analumbira kuti sadzaitananso munthu wakuda ndi dzina limenelo. Ndiye otsutsawo akuti, mwini wake analitaya, inu mukulisungiranji?

Yankho langa ndi loti akusokoneza zinthu ziwiri. Chomwe Pryor anasiya ndi kuitana abale ake ndi dzinalo ngati dzina lachikondi kapena lachizolowezi. Mu kasewero ka 1975 iye sakulitchula nkomwe, akulitchula ndi bwana, ndipo ntchito ya Pryor ndi kutionetsa chomwe liwulo limachita mthupi mwa munthu likamugwera. Ndiye ngati pali chinthu chomwe chikugwirizana ndi zomwe anakaziona ku Kenya ndi kasewero komweka, chifukwa kakunena kuti liwuli si loseweretsa. Tsono taganizani mwalidula kapena mwaikapo kaphokoso kaja ka piii. Chotsala ndi chani? Munthu wakuda akuopseza mzungu kuti amupha popanda chifukwa chomveka, ndipo mzungu wamantha akumupatsa ndalama kuti apulumuke. Mwachotsa mlandu wa bwana nkusiya mkwiyo wa wantchito okha, ndiye kuti mwapanga sewero latsankho lenileni lomwe poyamba panalibe. Zili ngati kupita kwa amfumu ndi mlandu wa ndewu koma nkuwaletsa mboni kunena chomwe winayo anayamba kutukwana, eti chifukwa ndi mawu olaula. Amfumu anzeru amati nenani momwe ananenera, tamva zambiri ife.

Komanso ife nkhani ya ndani ali ndi ufulu onyoza ndani timaidziwa kuposa mmene timadzionera. Msuweni wako akhoza kukunena mutu waukulu pagulu nonse nkuseka, koma mawu omwewo akanena bwana wako kuntchito ndi nkhani ina. Adzukulu pa maliro amatha kuseleula, kutengera kayendedwe ka malemu anthu akulira, ndipo palibe amawagwira pakamwa chifukwa aliyense akudziwa malo awo. Ku Zambia Abemba ndi Angoni amanyozana mpaka pamaliro pomwe ndipo ndi chibale, osati udani. Chomwe chimasiyanitsa nthabwala ndi chipongwe si liwu lokha ayi, ndi amene walinena, kwa ndani, ndipo ndani ali ndi mphamvu pa mnzake. Kasewero ka Pryor kakukamba za mphamvu zomwezo. Sanasankhe bawa kapena bwalo la mpira komwe anthu amatukwanizana ali ofanana, anasankha intaviyu, malo omwe wina ali ndi cholembera ndipo winayo ali ndi njala. Ine ndinakhalapo pa intaviyu pa kampani ina pomwe mkulu wina atangowerenga dzina la bambo anga anakweza maso nkufunsa kuti "kwanu kwenikweni ndi kuti?", akumwetulira, ndipo ndinayankha mwaulemu nditapinda manja chifukwa lendi inali isanalipidwe. Palibe liwu loipa linatchulidwa tsiku limenelo koma ndinatuluka ndikudziwa kuti mayeso enieni anali funso limenelo. Abale athu ali ku Joni omwe amaitanidwa makwerekwere ndi munthu yemwe akuwalipira pa Lachisanu akudziwa bwino lomwe tsaya lonjenjemera lija. Kusiyana kwake nkoti Pryor anayankha, ife ambiri timameza.

Tsono pali gulu lina lomwe limaoneka ngati lili mbali yanga koma ine sindilifuna nkomwe. Awa ndi aja amatumiza kachidutswaka nkulemba kuti onani kale nthabwala zinali zaufulu, lero anthu angofewa, sungathenso kunena kanthu. Mfundo yawo ndi yoti ngati Chase analitchula liwulo mu 1975 dziko osagwa, ndiye kuti aliyense atha kulitchula lero. Apa ndiye pali bodza lamkunkhuniza. Choyamba 1975 sinali nthawi yaufulu, ndanena kale kuti NBC inaika anthu odikira kudula mawu a Pryor, ndipo yemwe ankaopedwayo anali wakudayo osati mzungu yemwe anatchula liwulo, zomwenso pazokha ndi nthabwala yowawa. Lamulo lothetsa tsankho mmalo a anthu onse ndi pa ntchito linali litangokhazikitsidwa mu 1964, Martin Luther King anali ataphedwa mu 1968, ndipo chaka chomwecho cha 1975 ku Boston azungu anali akuchitabe ziwawa kukana kuti ana awo aziphunzira limodzi ndi ana akuda. Chachiwiri, Chase sanalitchule chifukwa anali olimba mtima, analitchula chifukwa Pryor anali pampando winawo ndipo anavomera, ndipo sewero lonse linamangidwa kuti otchulayo athere pansi. Omwe amasilira ufulu wa Chase amaiwala kuti munthu wake mu seweromo anamaliza akupempha kuti asamenyedwe. Akufuna liwulo koma yankho lake sakulifuna.

Apa ndi pomwe kuonera gawo lonse kumathandiza, chifukwa kasewero ka intaviyu sikali kokha. Kumayambiriro kwenikweni, pomwe mwachizolowezi Chevy Chase ndi amene ankagwa pansi nkulengeza kuti pulogalamu yayamba, usiku umenewu mwayi unapita kwa Garrett Morris. Pali timasewero tifupitifupi tobwerezabwereza ta ku polisi pomwe Pryor amaimikidwa pa mzere wa oganiziridwa mlandu pamodzi ndi oti palibe angawakayikire, ndipo osankhidwa mukumudziwa kale. Pali banja la azungu pa tebulo la chakudya, Dan Aykroyd ngati bambo akudandaula kuti anthu akuda akulanda chilichonse, uku mmodzimmodzi wa pa banja lake akatuluka akumabwerera ali munthu wakuda iye osazindikira kanthu. Pali ansembe awiri akuda, Pryor ndi Rasulala, akutulutsa chiwanda mwa mtsikana yemwe akuseweredwa ndi Laraine Newman, akupirira zonse mwauzimu mpaka chiwandacho chitatukwana amayi awo, pamenepo unsembe unathera pompo. Ndiyeno Gil Scott-Heron akuimba nyimbo yake ya Johannesburg, yonena za anthu akuda a ku South Africa omwe akulimbana ndi apartheid, pa kanema wa dziko lonse la America, patatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ana asukulu a ku Soweto awomberedwe pa 16 June 1976. Ine pamenepa ndinaimitsa kaye kanema, chifukwa chaka chimenecho boma lathu linali ndi kazembe ku Pretoria ndipo Kamuzu anali atapitako kale mu 1971 kukalandiridwa ndi boma lomwelo. Ukaona zonsezi motsatana umazindikira kuti usiku onse unali ndi mutu umodzi, ndipo intaviyu ija ndi pachimake chabe. Ochotsa kachidutswa kaja nkukaponya pa TikTok, kaya akukayamikira kaya akukadzudzula, onse akuchita chimodzimodzi, akuweruza mlandu atamva chiganizo chimodzi.

Ena amati zonsezi tamva koma kunena zoona gawoli ndi lakale, silisekesa, likuyenda pang'onopang'ono ngati basi ya kumudzi nthawi ya dzinja. Apa ndiwavomereza theka. Pali malo ozizira ndithu. Zidole za Muppets zomwe zinkaoneka chaka choyambacho sizinkagwirizana ndi pulogalamuyi ndipo olemba ake omwe sankazifuna, ukafika pamenepo utha kukathira madzi a tiyi osataya kanthu. Ndipo kasewero ka mu hotela, komwe John Belushi anaonekera koyamba ngati samurai, msilikali wakale wa ku Japan, ine sindikateteza mmene ndikutetezera ka intaviyu. Mzungu wavala zachijapani akungotulutsa maphokoso onamizira chilankhulo cha eni ake, palibe Mjapani pampando winawo oti abweze, ndiye nthabwala yake yagona poti anthu awa amayankhula modabwitsa basi. Ndi zomwe timachita tikamatengera kayankhulidwe ka Mmwenye wa sitolo kapena ka munthu wa chigawo china pofuna kuseketsa anzathu, zimasekesa inde koma sizinena kanthu. Komabe ngakhale kameneka sindikufuna kadulidwe, ndipo chifukwa chake ndi ichi: kukhala kwake mu gawo limodzi ndi ka intaviyu ndi komwe kumakuphunzitsa kusiyanitsa. Usiku umodzi, anthu omwewo, kasewero kena kakuluma tsankho kena kakulisekerera osadziwa. Ukachotsa kofookako umanamiza anthu kuti olemba a 1975 anali angelo, ukachotsa kamphamvuko umawanamiza kuti anali mbuli zokhazokha.

Pali mfundo yomaliza ya otsutsa yomwe ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse, yoti makampani ali ndi ufulu ochotsa zomwe akuchita nazo manyazi, ndipo zinachitikapo. Mu 2020, George Floyd, munthu wakuda, ataphedwa ndi wapolisi ku America, Tina Fey anapempha kuti magawo angapo a pulogalamu yake ya 30 Rock momwe osewera anadzipaka nkhope kuti aoneke akuda achotsedwe, ndipo Jimmy Fallon anapepesa chifukwa cha kasewero ka mu 2000 ka pa Saturday Night Live pomwe anadzipaka nkhope kutengera Chris Rock, katswiri wa nthabwala wakuda. Ndiye akuti bwanji osachita chimodzimodzi ndi ichi? Kupepesa ndilibe nako vuto, munthu akalakwa apepese. Kuika chenjezo koyambirira kuti muno muli mawu onyoza, ana asaonere okha, ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndipo ine sindingamuonetse mwana wa zaka 10 gawoli popanda kukhala naye pansi. Koma kufufuta ndi nkhani ina, chifukwa opindula ndi kufufuta nthawi zambiri si onyozedwa uja, ndi kampani yomwe ikufuna mbiri yake ioneke yoyera. Ife tinakhalapo ndi bungwe lodula mafilimu ndi kuletsa mabuku kuyambira 1968, ndipo kanema wathu oyamba anadzatsegulidwa mu 1999, ndiye tikudziwa mmene zimakhalira wina akamakusankhira zoti uone ponena kuti akukuteteza. Komanso pa nkhani ya Pryor yemwe angafufutidwe ndi ndani? Fallon kuchotsedwa kasewero kake kaja sataya kanthu. Koma apa mukhala mutachotsa ntchito yomwe munthu wakuda anachita kumenyera kuti ioneke, pa usiku omwe mabwana anali ndi chala pa batani kudikira kumudula, ndiye patatha zaka 50 ife timalize ntchito yomwe iwo anailephera.

Ngakhale za yemwe analemba kaseweroka anthu sagwirizana mpaka lero. Paul Mooney, yemwe anamwalira mu 2021, ankanena kuti analemba ndi iye, ndipo anakatenga pa mmene mabwana anamufunsira mafunso ngati wakuba asanamulole kugwira ntchito sabata imeneyo, kuti wakhala ukulemba nthawi yaitali bwanji, unagwirapo kuti, pomwe anabwera ndi Pryor mwini wake. Chevy Chase amati anakalemba ndi iye pamodzi ndi Pryor. Pryor anamwalira mu December 2005 ndiye sangatilekanitse. Ine ndimapendekera kwa Mooney, osati chifukwa ndili ndi umboni koma chifukwa kasewero kameneka kakununkha munthu yemwe anakhalapo pa mpando wa ofunsidwa, yemwe akudziwa kuti chipongwe cha mu ofesi chimabwera ndi fayilo ndi mawu ofatsa. Ndipo kumapeto kwenikweni, bwana uja atakweza malipiro kawiri, Pryor akufunsa ngati ayambe ntchito pompano, bwana nkumuuza kuti ayi, yamba wapuma masabata angapo, ukuoneka otopa. Kachidutswa komwe kanandifika pa foni ine kanali katadulidwa pasanafike pamenepo.